Chifundo Chathu Chikulanda Miyendo Odwala Impso

Lero ndabwera kudzatsutsa chifundo chathu. Munthu akangoyamba dialysis, kuja kusefa magazi ndi makina impso zikaleka ntchito, pakhomo pamagwa lamulo: asasese, asapite kumsika, asayende padzuwa, agone basi. Timayesa tikumusamala, chikhalirecho tikumulanda miyendo. Makolo sananame ponena kuti chifundo chinapha nkhwali.

Taganizirani moyo wa munthuyu. Mwa dongosolo lake, amalumikizidwa ku makina katatu pa sabata, maola 4 ulendo uliwonse, ali chikhalire. Magazi amamuchepa, pakuti impso ndizo zimapanga erythropoietin, chimene chimauza mafupa kuti apange magazi. Minofu nayo imanka ifota. Akafika kunyumba ali wolefuka, ife timathamangira kumuyalira mphasa. Pakapita miyezi, munthu amene ankakwera yekha minibasi popita ku Kamuzu Central, ku Queen Elizabeth kapena ku UTH ya ku Lusaka amafuna womudzutsa pampando. Tikatero timati matenda akula. Matenda alipo ndithu, koma mphasa ija nayo ili ndi mlandu.

Sindikulankhula zam'mutu. Ku Italy, kafukufuku wotchedwa EXCITE, amene anasindikizidwa mu 2017, anapatsa odwala dongosolo losavuta loyenda pansi kwawo kwa miyezi 6, ndipo pomaliza ankayenda mtunda wotalikirapo m'mphindi 6 kusiyana ndi poyamba. Ku Germany, kafukufuku wa DiaTT wa mu 2023 anachititsa odwala masewero olimbitsa thupi ali pa makina pomwepo kwa chaka chathunthu. Iwo ankatha kudzuka ndi kukhala pampando kambiri kuposa anzawo osachita masewero, ndipo masiku ogonekedwa m'chipatala anachepa. Sindibisa kuti kafukufuku wa PEDAL wa ku Britain sanapeze kusintha kwenikweni pa mmene odwala ankamvera za umoyo wawo. Choncho sindikulonjeza zozizwitsa, ndipo masewero sadzutsa impso zakufa. Chimene ndikunena nchakuti munthu wotha kupita yekha kuchimbudzi ndi kukwera yekha galimoto wasunga ulemu wake, ndipo wapeputsa katundu wa omudwazika.

Wina adzati, nanga akagwa? Nanga mtima? Funso nlabwino, koma yankho lake ndi kusamala, osati kuletsa. Dokotala ayambe wamuyeza. Wopalasa kanjinga kapamiyendo ali pa makina atero m'maola awiri oyambirira, pakuti chakumapeto kuthamanga kwa magazi kumakonda kutsika. Mkono wokhala ndi fistula usanyamule zolemera. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu, aleke pomwepo. Ngakhale ludzu limuwawe, asapyole muyeso wa madzi umene anamuuza kuchipatala.

Wina adzatinso, makina enieniwo ngosowa, ena akusefedwa kawiri kokha pa sabata, ndiye za masewero nzachuma. Ayi ndithu! Pamene makina akupereweraponso mpamene tiyenera kugwiritsitsa chithandizo chosalira ndalama. Kuyenda kuzungulira bwalo kulibe mtengo. Kudzuka ndi kukhala pampando kakhumi sikufuna magetsi. Akatswiri a physiotherapy tikuwaphunzitsa m'masukulu athu a zaumoyo. Chikuletsa nchiyani kuti mmodzi azilowa m'chipinda cha dialysis, m'mene odwala akhala kale pamodzi maola ochuluka chotere?

Tsono inu amene muli ku Johannesburg, ku Harare ndi ku London, mukaimba foni kumudzi musamangofunsa ngati ndalama ya thiransipoti yafika. Funsaninso kuti, kodi amayi ayendako lero? Ndipo inu odwazika matenda, mawa m'mawa pindani mphasa, muwagwire dzanja bambo, mukafike nawo pamtengo wa mango uli kuseri kwa nyumba. Mkuja mudzapitirireko pang'ono.