MAPULOTI A KU ZOMBA NDI MATEMBA A KU CHILWA

Mzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko lino kufikira chaka cha 1975, ukukulirakulirabe. Pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu opitirira 100,000, ndipo nyumba zakwera m'zitunda ndi kutsikira m'madambo momwe kale munali bango. Chitukuko chotere nchokondweretsa, ndipo palibe munthu wanzeru amene angachitsutse. Koma pogaŵa malo omangapo nyumbazi, kaŵirikaŵiri akuluakulu amaiŵala mtsinje wa Likangala, umene umachokera m'phiri la Zomba, nudutsa mumzindamo, nukathira m'nyanja ya Chilwa.

Wina angafunse kuti mtsinje wa m'tauni uli ndi ntchito yanji pa nkhani ya nsomba. Yankho lili ku Chilwa. Nyanjayi njosazama ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka matope ong'aluka. Pa zaka zoŵaŵa zoterozo, matemba, milamba ndi makumba zimapulumukira m'maiŵe a mitsinje yothira m'nyanjamo, ndipo madzi akabwerera, nsomba zotsalazo ndizo zimadzazanso nyanja. Nchifukwa chake pa chilala cha 1995 mafumu a m'derali analetsa kuthira katupe m'maiŵe. Ngakhale pa zaka zabwino, matemba amakwera mitsinje nthaŵi ya dzinja kukaswana. Motero dziŵe la mu Likangala ndi nkhokwe ya mbeu ya msodzi wa ku Kachulu ndi wa pa chilumba cha Chisi, ngakhale msodziyo sanapondepo ku ofesi yogaŵa mapuloti.

Mvula ikagwa pa nthaka ya udzu ndi mitengo, imaloŵa pansi ndi kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe chaka chonse. Ikagwa pa malata, pa phula ndi pa simenti, yonse imathamangira kumtsinje tsiku lomwelo, nigumula magombe. M'chilimwe mtsinje womwewo umatsala kamfuleni, pakuti pansi sipanasungidwe kanthu. Dothi lokokoloka pa mapuloti olambulidwa ndi pa maenje oumbira njerwa limakwirira maiŵe. Mitengo ya m'mphepete ikadulidwa madzi amatentha, ndipo madzi otentha sasunga mpweya wokwanira nsomba. Zonyansa za m'zimbudzi zimatha mpweya wotsalawo. Okumba mchenga nawo amasalaza pansi pa mtsinje. Ngakhale paipi ya pansi pa mseu, ikaikidwa mokwera kuposa madzi, imatsekereza matemba okwera kumtunda.

Zoonongeka zimenezi zingathe kuyezedwa. Akatswiri a ku America anapeza kuti malo otsetserekera mumtsinje akakutidwa ndi madenga ndi miseu kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, zamoyo za mumtsinjemo zimayamba kuchepa. Lamulo loteteza chilengedwe la 2017 limalamula kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa zisanayambike, ndipo nzoyamikika. Koma Likangala saonongeka ndi ntchito zikuluzikulu zokha ayi. Ukuonongeka ndi timapuloti tambirimbiri, kalikonse kooneka kosalakwa pakokha, timene palibe amene amatiŵerenga pamodzi.

Nkofunika tsono kuti Khonsolo ya mzinda, isanatsegule dera latsopano, idziŵe kuti ndi gawo lanji la chigwacho limene lakutidwa kale. Pakhale malo okhazikika oyezerapo mtsinje, ena kumtunda madzi asanaloŵe m'tauni, ena pakati, ena kumunsi cha ku minda ya mpunga. Pamalopo aziyeza kuya kwa maiŵe, matope, kutentha kwa madzi ndi mitundu ya nsomba yopezekapo, kamodzi m'dzinja, kamodzi m'chilimwe. Tizilombo tokhala kunsi kwa miyala nato sitinama, pakuti tina timasoŵa msanga madzi akangoyamba kuda, ndipo mwana wa sekondale wophunzitsidwa bwino angathe kutiŵerenga. Anthu odziŵa ntchitoyi sali kutali: Yunivesite ya Malaŵi ili mu Zomba momwemo, ndipo malo a Boma ofufuzira za ulimi wa nsomba ali pa Domasi.

Ena adzanena kuti anthu akufuna pogona, ndi kuti wokumba mchenga naye ali ndi ana ofuna kudya. Nzoona, ndipo kuyeza mtsinje sikuletsa munthu kumanga. Kumangosonyeza pomanga ndi posiya. Mpata wa mitengo m'mbali mwa madzi usagaŵidwe, mchenga uzikumbidwa pa malo oloŵedwa ndi Khonsolo, ndipo womanga nyumba asiye mbali ina ya bwalo lake yopanda simenti kuti mvula iloŵe pansi. Zotsatira za kuyezako ziziŵerengedwa poyera pa msonkhano wa Khonsolo, mafumu ndi makomiti a asodzi a ku Chilwa ali pomwepo, mapu a mapuloti atsopano asanasainidwe.