MAGANIZO ATHU: Musasinthanitse cimanga ndi mkuwa

Alimi akalandira ndalama za cimanga, akathyali nawonso amadzuka m'mamawa. Wina adzakupezani pa msika wa Kabwata kapena wa Chelstone ndi kandalama kacitsulo konyezimira, nati ndi golide wa cikumbutso amene mtengo wake udzakwera mawa. Abale, musafulumire kumasula mfundo ya pa citenje.

Ndalama za cikumbutso zilikodi, ndipo kuzisonkhanitsa si kulakwa. Mu 1965 dziko lathu linatulutsa ndalama ya mashiling'i 5 yokhala ndi nkhope ya Dr Kenneth Kaunda, pokumbukira caka cimodzi ca ufulu. Koma ndalamayo si golide ai, ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel. Ya golide weniweni ndi monga K250 ya mu 1979, yokhala ndi cithunzi ca mmbulu, imene inapangidwa pothandiza nchito yoteteza nyama zakuthengo. Zimenezi anapanga zocepa kwambiri.

Ku South Africa kuli Krugerrand, imene inayamba mu 1967. Yaikulu imalemera magalamu 33.93, ndipo 31.1 mwa magalamuwo ndi golide. Mtengo wake lero ndi madola zikwi zingapo. Nanga ndani wamutu wake angakugulitseni cinthu cotere pa mtengo wa matumba khumi a cimanga, ataimirira m'mbali mwa Katondo Street?

Tisaiwale za mu August 2023. Ndege yocokera ku Cairo inagwidwa pa bwalo la Kenneth Kaunda International Airport, ndipo Drug Enforcement Commission inalengeza kuti munali madola 5.7 miliyoni ndi zidutswa 602 zooneka ngati golide, zolemera makilogalamu 127. Akatswiri ataziyesa anapeza kuti zambiri zinali mkuwa ndi zitsulo zina wamba. Ngati golide wabodza amafika mpaka m'ndege za anthu olemera, angalephere bwanji kufika kwa mlimi wa ku Chongwe? Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Conco tikupempha zinthu zitatu. Coyamba, musalipire ndalamayo isanaikidwe pa sikelo ndi kuyesedwa ndi katswiri amene mwasankha inu eni, osati mnzake wa wogulitsa. Maginito paokha sakwanira, pakuti sakoka golide komanso sakoka mkuwa. Caciwiri, gulani kwa munthu wa sitolo yodziwika amene apereka lisiti. Cacitatu, ndalama ya feteleza ndi ya sukulu ya ana isalowe m'malonda amenewa. Wa ku Kabulonga kapena Woodlands akanyengedwa amataya zapadera. Mlimi amataya caka cathunthu.

Ngwee zakale ndi mapeni obowoka a nthawi ya Federation amene ali m'cikopo ca agogo, asungeni. Onetsani ana, muwauze kuti kwacha ndi ngwee zinayamba mu 1968, kulowa m'malo mwa mapaundi ndi mashiling'i. Phindu lake ndi limenelo. Koma thukuta la m'munda musalipereke kwa mlendo cifukwa ca kunyezimira cabe.