Chibadwa chimapereka gawo, lotsala lili m'manja mwathu

Munthu aliyense amafuna kukalamba ali ndi mphamvu. N'chifukwa chake akatswiri a zachipatala akhala akufufuza m'magazi ndi m'chibadwa cha munthu kuti adziwe chimene chimatalikitsa kapena kufupikitsa masiku ake.

Kummwera kwa dziko la Ecuador kuli anthu ena aafupi msinkhu kwambiri. Matupi awo salabadira homoni yokulitsa thupi, vuto limene dokotala Zvi Laron analifotokoza koyamba mu 1966. Dokotala Jaime Guevara-Aguirre anatsata anthu otere pafupifupi 100 kwa zaka zoposa 20, ndipo mu 2011, pamodzi ndi Valter Longo, analengeza zodabwitsa: palibe mwa iwo amene anadwala matenda a shuga, ndipo mmodzi yekha ndiye anapezeka ndi khansa, imenenso sinamuphe. Achibale awo amsinkhu wamba ankadwala matenda onse awiriwa.

Komatu anthu amenewa sankakhala ndi moyo wautali kuposa achibale awo. Ambiri anamwalira pa ngozi, chifukwa cha mowa, ndiponso ndi matenda okomoka. Chitetezo chimene anabadwa nacho sichinawatchinjirize ku zonse.

Kafukufuku wa mapasa ku Denmark, wofalitsidwa mu 1996, anasonyeza kuti zotengera kwa makolo zimafotokoza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a kusiyana kwa zaka zimene anthu amakhala. Magawo otsalawo ndi a chakudya, matenda, malo okhala ndi makhalidwe.

Magazi nawo amachitira umboni. Mu 1930, William Tillett ndi Thomas Francis anapeza puloteni ina m'magazi a odwala chibayo, imene lero imatchedwa CRP. Chiwindi chimaipanga yambiri thupi likamalimbana ndi matenda. Imakweranso mwa osuta fodya ndi onenepa kwambiri, ndipo ikakhalitsa yokwera, chiopsezo cha matenda a mtima chimakula.

Ife a ku Malawi tinaona ndi maso athu kuti matenda opatsirana amadula zaka za mtundu wonse. Cha m'ma 2000, Edzi itafika pachimake, zaka zimene Mmalawi ankayembekezeka kukhala zinali zosakwana 50. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, chiwerengerocho chinakwera mpaka kupitirira 60. Chibadwa chathu sichinasinthe. Chinasintha ndi chisamaliro.

Salimo 90 limaika zaka za munthu pa 70 kapena 80, ndipo limapempha nzeru yowerengera masiku. Nzeru imeneyo ilinso m'zinthu zooneka zazing'ono: kumwa mankhwala pa nthawi yake, kugona m'neti, kupita kuchipatala matenda asanakule, ndi kukana kukwera galimoto ya dalaivala woledzera.

Mbale, mlongo, makolo anu simunawasankhe. Koma kuika moyo pachiswe kapena kuusamala, zimenezo mudzasankha nokha lero lomwe.