Mlengalenga Muli ndi Eni Ake

Masiku ano si chachilendo kuona mlendo wochokera ku Ulaya kapena ku Johannesburg, atatsika phiri kuchokera ku Blantyre nawoloka mlatho wa Kamuzu, akutulutsa m'chikwama kandege kopanda woyendetsa, kamene ambiri akukatcha dironi. Kandegeka kali ndi kamera, ndipo m'kanthawi kochepa kamajambula mtsinje wa Shire, minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi dambo la Elephant Marsh. Mwini wake amayesa kuti popeza adakagula ndi ndalama zake, angathe kukaulutsa paliponse pamene mtima wake wafuna. Maganizo ameneŵa ngolakwa, ndipo ku Chigwa cha Shire angathe kuwononga chinthu chimene chidatenga zaka kuti chimangike.

Chinthucho ndi chikhulupiriro cha anthu. Mu 2016 bungwe la UNICEF lidayesa kunyamula magazi okapimidwa pa tindege totere ku Lilongwe, ndipo mu Juni 2017 Boma lidatsegula ku Kasungu malo oyeserapo tindegeti pa ntchito zothandiza anthu. A ku chigwa adationa pa nthawi ya misozi. Mu Malichi 2019, pamene madzi a namondwe wa Idai adamiza midzi ya ku Nsanje, tindege tidauluka kujambula malo osefukira kuti opereka chithandizo adziwe kumene anthu atsekeredwa. Cha m'ma 2020 ndi 2021 kampani ya Swoop Aero inkaulutsa mankhwala ndi katemera kupita ku zipatala zazing'ono za ku Nsanje ndi Chikwawa, zimene misewu yake imaduka m'dzinja. Izi sizidangochitika. Madzulo ambiri adathera pansi pa mitengo, azaumoyo akufotokozera mafumu ndi anthu awo kuti chouluka pamwambacho si mfiti ayi.

Tsono chikhulupiriro chotere sichichedwa kusweka. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, anthu osalakwa naphedwa, mpaka bungwe la United Nations lidayamba lachotsa antchito ake kumeneko. Mlendo wosadziwika woulutsa chida chachilendo pamwamba pa mjigo, pa manda kapena pa doko pamene amayi akusamba, akuika moyo wake pachiswe. Choipa koposa nchakuti mawa lake kandege konyamula katemera ndiko kadzaponyedwe miyala.

Nchifukwa chake lamulo lisaonedwe ngati chipsinjo. Wobwera ndi kandege ayenera kupempha chilolezo kwa akuluakulu oyang'anira maulendo a ndege m'dziko muno asananyamuke kwawo, osati atafika kale pa Chileka. Chilolezo chimenecho sichitsegula zipata zonse. Ku Majete, nkhalango imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2003, ndiponso ku Lengwe ndi ku Mwabvi, mawu otsiriza ali ndi osamala nyama. Iwo sakaniza kaamba ka nkhanza. Kulira kwa kandege kumafanana ndi kwa njuchi, ndipo njovu zimaopa njuchi kwambiri. Gulu la njovu lodzidzimuka silisankha kothawira. Alonda nawonso sangathe kusiyanitsa kandege ka mlendo wokonda zithunzi ndi ka wopha nyama mozemba.

Palinso nkhani ya malire. Kuchokera pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, kutsika kum'mwera, tsidya lina la mtsinje ndi Mozambique. Kandege kouluka pa Boma la Nsanje kangathe kulowa m'dziko la eni m'kuphethira kwa diso, makamaka mphepo ikakankha. Amene akukayika ngati anansiwo amasamala za malire awo akumbukire za mu Okutobala 2010, pamene adagwira bwato lonyamula feteleza limene linkapita ku doko la Nsanje, ponena kuti lidalibe chilolezo choyenda pa madzi awo.

Komabe pepala la ku ofesi, ngakhale likhale ndi zidindo zingati, silimasula mlendo pa udindo wopita kwa a mfumu. Akale adati safunsa adadya phula. Palibe mapu a ndege amene amasonyeza kuti nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, ndi malo oti ngakhale woyenda pansi salowamo mwachisawawa. Zimenezi amadziwa ndi eni mudzi. Apa mpamene mphunzitsi kapena mnyamata womaliza Folomu 4, amene kawirikawiri ndiye amamasulira Chingerezi cha mlendo, ali ndi mphamvu zoposa zimene amadziyesa nazo. Asathamangire kulandira ya sopo nkuloza njira. Ayambe wafunsa ngati chilolezo chilipo, kenaka aperekeze mlendoyo ku bwalo.

Mawa achinyamata omweŵa ndiwo adzakhala alendo kwa eni. Chitsegulire sukulu ya African Drone and Data Academy mu Januwale 2020, anyamata ndi atsikana a dziko lino aphunzira kupanga ndi kuulutsa tindegeti, ndipo ena ntchito idzawaitana kunja. Adziwe kuti dziko lililonse lili ndi malamulo akeake. Ku South Africa, malamulo a 2015 amaletsa kuulutsa kandege pa mtunda wosakwana makilomita 10 kuchokera pa bwalo la ndege, kapena mamita 50 kuchokera pa anthu, ndipo m'nkhalango ya Kruger nkoletsedwa. Ku Morocco wolowa nako popanda chilolezo amalandidwa pa chipata. Ku Britain, mu Disembala 2018, malipoti akuti tindege taoneka pa bwalo la Gatwick adaimitsa maulendo pafupifupi 1,000.

Ngakhale mabatire ali ndi mwambo wake. Apadera amanyamulidwa m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita kunsi kwa ndege, pakuti akayaka moto kumeneko palibe wozimitsa. Ndipo ku Ngabu kapena ku Bangula mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, batire losiyidwa m'galimoto yotseka mazenera limatupa mwini wake asanamalize kupereka moni kwa a mfumu.