Mlonda akaliza lipenga pa Chirunga

Malemba a lero: Genesis 2:15, Ezekieli 33:1-6

Ife okhala mumzinda wa Zomba tili ndi mlaliki amene sitimupatsa chopereka ndipo kawirikawiri sitimumvera. Mlalikiyo ndi phiri lathu. M'mawa uliwonse tikatsegula mpopi, madzi otuluka amakhala atachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phirilo. Ndi madzi omwewo amene timaphikira nsima, kusambitsira ana ndi kuchapira yunifolomu ya chigwirizano cha amayi. Koma ndi angati mwa ife adayamba akweza maso kuona kuti phirilo likumera dazi?

Buku la Genesis limatiuza kuti munthu woyamba adaikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, kulima ndi kusunga. Ntchito yoyambayo taigwira mwachangu. Yachiwiriyo taisiyira boma, alonda a nkhalango ndi mabungwe. Nkhalango ya Zomba idakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa m'chaka cha 1913, koma lamulo la papepala silizimitsa moto. Chaka ndi chaka, miyezi ya Seputembala ndi Okotobala ikafika, usiku timaona malawi akukwawa m'phiri ngati njoka, m'mawa matumba a makala akutsika panjinga.

Kunsi kwa phirilo, pa Chirunga, kuli sukulu ya ukachenjede imene idasamukira kuno m'chaka cha 1973 ndi dzina la Chancellor College, ndipo kuyambira 2021 ikutchedwa University of Malawi. Kumeneko aphunzitsi ndi ophunzira akhala akuyeza mvula, madzi a m'mitsinje ndi nthaka kwa zaka zambiri. Kuyambira m'chaka cha 2010, bungwe la LEAD la pasukulupo, motsogozedwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha, lidagwira ntchito limodzi ndi a kafukufuku wa zankhalango a FRIM komanso a WorldFish, ndi thandizo la dziko la Norway, pothandiza anthu a m'chigwa cha nyanja ya Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo. Wailesi ya Chanco nayo yakhala ikufalitsa nkhani zimenezi m'chinenero chathu.

Uthenga wawo ndi wosavuta kumva. Mvula ikagwa pamalo a mitengo, masamba amaichepetsa mphamvu, zinyalala za pansi zimaisunga, ndipo mizu imaitsegulira njira yolowera m'nthaka. Madzi olowawo ndiwo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe nthawi ya chilimwe, ndi kudyetsa mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi. Koma pamalo a mbee madzi amathamanga tsiku limodzi, atanyamula dothi, ndipo chilimwe chikafika mtsinje umasanduka mchenga. Dothilo limakathera m'nyanja ya Chilwa, imene ndi yosaya ndiponso ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Nyanjayo idaphwa m'zaka za 1968 ndi 1995, ndipo m'chaka cha 2018 anthu adaonanso mabwato atakhala pamatope ong'ambika. Inde, mvula yochepa ndiyo imayambitsa kuphwako, ndipo nyanjayo imabwereranso. Koma nyanja yodzala matope ndi yosowa mitsinje yoidyetsa siichedwa kugonja.

Chilwa akaphwa, olira si asodzi a ku Kachulu ndi ku Chisi okha. Matemba amasowa pamsika, mayi wogulitsa nsomba amalephera fizi ya mwana, ndipo mbale ya chopereka imapepuka. Nkhwangwa yolira pamwamba pa phiri imamveka m'khitchini ya munthu wa ku Jali amene sadakwereko phirilo.

Pali ena mwa ife amene amati izi ndi nzeru za dziko, Mkhristu angopemphera basi. Tiyeni tikumbuke Ezekieli. Mlonda akaona choopsa chikubwera naliza lipenga, wosamvera amasenza yekha mlandu wake. Mulungu sasankha mlonda wovala kolala yekha. Nzeru zoyeza mvula ndi mphatso yakenso, monga momwe adapatsira Yosefe nzeru zosunga chakudya njala isadafike ku Ejipito. Kupempherera mvula kwinaku tikudula mitengo yosunga mvulayo ndi kuyesa Mulungu.

Ndipo machenjezo takhala nawo. Agogo athu amasimba za Napolo wa mu Disembala 1946, pamene madzi ndi miyala zidatsika m'phiri ndi kuononga milatho ndi miyoyo kuno ku Zomba. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera, ambiri atakwiriridwa ndi matope ochokera m'mapiri. Mitengo singaletse namondwe, koma phiri lovala limagwira dothi lake kuposa phiri lamaliseche. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Tisafulumire kuloza chala mnyamata wa makala. Iyeyo amatsika ndi thumba chifukwa ife a m'tauni tikumudikira ndi ndalama. Njerwa za matchalitchi athu ambiri zidaotchedwa ndi nkhuni, ndipo sitidafunse komwe nkhunizo zidachokera. Zoona, magetsi amazimazima ndipo gasi ndi wokwera mtengo, kotero palibe banja lingasiye makala tsiku limodzi. Koma mbaula yosunga moto imachepetsa nkhuni, ndipo mpingo womanga lero ungasankhe zidina za simenti m'malo mwa uvuni.

Nawo abale athu a pa Chirunga tikuwapempha. Ambiri mwa iwo timakhala nawo pabenchi imodzi Lamulungu. Nzeru yotsekeredwa m'Chingerezi ndi m'mashelefu ili ngati nyale yovundikiridwa. Abwere ku mphakati, ku mvano ndi ku magulu a achinyamata, atiphunzitse mitengo yoyenera m'mbali mwa mtsinje ndi kalambulidwe koteteza nkhalango ku moto. Ifenso tiwatsegulire khomo ndi kuwapatsa mpata wolankhula.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Kubzala sikuvuta, chovuta ndi kusamala. Mbande zambiri zimafa chithunzi chikangojambulidwa, chifukwa palibe wozipalira kapena wozitchinjiriza ku mbuzi ndi moto. Bwanji mpingo uliwonse utatenga kachigawo ka mtsinje kapena ka phiri, ndi kumawerenga mitengo yopulumuka pamsonkhano wa pachaka monga tiwerengera Akhristu obatizidwa? Banja lililonse lingayambe ndi mtengo umodzi pakhomo, mwana aliyense wake.

Tipemphere: Atate, mudatipatsa phiri ndi nyanja kuti tizisunge, koma ife tadya osaganizira adzukulu athu. Tikhululukireni. Tipatseni makutu omva alonda amene mwatitumizira, ndi manja osatopa kusamala zimene tabzala. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.