Ana amasiye a ku Chipangali si aulesi

A Mkonzi,

Kalata munasindikiza ija, yonena kuti mwana wamasiye wosiya sukulu masiku ano ndi waulesi chabe popeza boma linachotsa fizi mu 2022, yandipweteka mtima kwambiri. Amene anailembayo abwere kuno ku Chipangali nyengo yothyola fodya. Adzapeza kamtsikana kamasiye ka zaka 10 kakusoka masamba m'chigafa, zala zili bii ndi phula la fodya, anzake ali m'kalasi. Agogo ake khasu linawakanika kalekale, ndipo ganyu ameneyo ndiye ufa wa madzulo.

Inenso ndinakula choncho. Bambo atamwalira, abale awo anatenga ng'ombe, ngolo, ngakhale malata a padenga, mayi misozi isanaume. Lamulo la 1989 limati munthu akafa osasiya wilo, theka la chuma chake n'la ana. Nanga kumudzi anatiuza ndani? Mayi atatsatira, tinagawidwa m'makomo, ndipo kulikonse tinkadya pomalizira.

Fizi inachokadi, tikuthokoza. Koma yunifomu, makope, nsapato ndi sopo n'zogula, ndipo mwana wogona ndi njala samva za aphunzitsi. Mu ndalama za chitukuko za CDF muli gawo lolipirira ana osauka kusekondale zogonera komweko, koma gogo wosadziwa kulemba angadzaze bwanji mafomu? Makhansala ndi nyakwawa aziyenda khomo ndi khomo kulemba mayina a anawa, osadikira kuti nkhalamba iwasakesake.

Wowerenga wanu,
Chipangali