Mzinga Ukumbukika, Anthu Aiwalika



Pafupi ndi nsanja ya Mfumukazi Victoria ku Mangochi paima mzinga wa sitima ya Guendolen, imene inawononga sitima ya Ajeremani ku Sphinxhaven mu 1914. Chitsulo achisunga mwaulemu, nanga anthu? Asilikali ali ndi chikumbutso chawo ku Zomba, koma amtengatenga athu, amene anafa ndi njala ndi kamwazi atasenza katundu wa nkhondo, alembedwa pati? Mu 2021 Commonwealth War Graves Commission inavomera kuti akufa akuda sanalemekezedwe monga Azungu. Ife titi kuvomera kokha sikukwanira. Mafumu, sonkhanitsani maina mudzi ndi mudzi, nkhalamba zowadziwa zisanathe, kuti tidzawawerenge pamzinga pomwepo mu Novembala. Ndipo asilikali akale amene akali nafe tiwathokoze lero, pakuti wakufa samva.